Ma gaidi a pa phiri la Zomba: atengeni ndithu, koma muziwafunsa mafunso anuanu

Ndiyambe ndi yankho chifukwa ndikudziwa ena simufika kumapeto: ee, mukakwera phiri la Zomba tengani gaidi, ndalama yanu siipita pachabe. Koma pali zina zomwe sizinandikomere ndipo ndizinena bwinobwino, osati kuti ndiwawonongere bizinesi anyamatawa ayi, koma kuti amene mukufuna kupita mudziwiretu.

Ife a mu Zomba muno tili ndi vuto limodzi, phiri timangoliyang'ana tikafuna kudziwa ngati kugwe mvula kapena ayi basi. Munthu wabadwira ku Chinamwali, wakulira ku Matawale, mwina mpaka waphunzira pa Chanco, koma ukamufunsa za mathithi a Williams Falls amati ndimangomva. Ineyo ndinkakwerako mwa apo ndi apo koma kumangothera pa damu la Mulunguzi, kujambulitsa, kudya chipisi nkutsika. Ulendo uno alamu anga anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi ana awo pa holide nde anakakamira kuti iwo sabwerera osaona zonse zimene amamva zija, mpomwe tinati tiyeni tifune munthu wodziwa njira.

Kafikidwe kake sikovuta. Msewu wochoka mtauni kukafika Ku Chawe ndi wa tara, wokhotakhota kwambiri, ndipo woyendetsa asamathamange chifukwa pa kona iliyonse ukhoza kukumana ndi abambo akutsika ndi njinga yodzadza matabwa kapena nkhuni, mabuleki ake ndi phazi, komanso amayi atasenza mitolo yaitali kuposa iwo eni. Amene mulibe galimoto kabaza wa njinga yamoto amakufikitsani, kungoti muvale juzi chifukwa mphepo yake pokwera imalasa. Palinso njira ya pansi ija ya Potato Path yoyambira mtauni, yotsetsereka zedi, ndi yabwino kwa achinyamata ofuna kutuluka thukuta koma ndi ana kapena ndi achikulire musayerekeze, mudzafika pamwamba mphamvu zoyendera kwinako zitatha kale.

Mukangofika kumtunda kufupi ndi hotela ya Ku Chawe ija simuchita kufunafuna, amakupezani okha. Apa mpomwe pali chinthu choyamba chomwe sindinachikonde. Usanatsike nkomwe mgalimoto anthu akuzungulira kale, wina mastroberi, wina miyala yonyezimira ija, wina ziboliboli, wina akuti bwana ine ndi gaidi, winanso akuti ayi gaidi weniweni ndine, nde munthu wachilendo umasokonezeka kuti kodi ndilankhule ndi uti. Alipo a m'gulu lawo lodziwika amene amakhala ndi chiphaso, alipo ena ongoyesa mwayi. Funsani chiphaso, musachite manyazi, weniweni sakhumudwa. Ife tinatenga wa chiphaso, mnyamata wofatsa wa m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri, dzina sindilemba.

Nkhani ya mtengo ndiyomwe inandikwiyitsako pang'ono. Mtengo woyamba umene anatchula unali wa azungu, zoonekeratu, mwina chifukwa anaona nambala ya galimoto ya alamu ndi magalasi akuda aja. Nditayamba kulankhula zoti achimwene ine ndi wa konkuno, madzi a damu lanuli ndi omwe ndimamwa kunyumba, anaseka nkutsitsa. Chabwino, kunenerera ndi chikhalidwe chathu, ngakhale tomato pa Mpondabwino timanenerera, koma pa ntchito ngati iyi bwenzi pali chikwangwani chachikulu pamalo oonekera: ulendo wakutiwakuti ndalama zakuti, Mmalawi zakuti, mlendo wakunja zakuti, ana a sukulu zakuti. Amalawi ambiri amabwerera pa damu osati chifukwa alibe ndalama koma amaopa kufunsa, akuganiza kuti awatchulira madola. Sindilemba ndalama zomwe tinapereka chifukwa mmene kwacha yakhala ikuyendera chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, ndikalemba lero mwezi wamawa mudzati ndinanama. Chachikulu gwirizanani zinthu zitatu musananyamuke, mtengo, malo amene mukafike, ndi nthawi yobwerera. Ndipo tengani kashi, netiweki kumtundaku imabwera nkumapita, za ndikutumizira pa foni zija zimangobweretsa mkangano.

Titangoyamba kuyenda mkwiyo wonse unatha, chifukwa mnyamatayu phiri amalidziwa. Tinayambira pa damu la Mulunguzi, ndi lokongola zedi makamaka mmawa madzi ali zii, ndipo ana atafuna kuvula kuti alowe anawaletsa mwaulemu koma mosanyengerera, akuti awa ndi madzi akumwa a mzinda wonse. Ndi zoona, damuli linamangidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pa mtsinje wa Mulunguzi ndipo mipopi ya mtauni imadalira pomwepa. Madzi amachita kutsika okha kuchokera pamwamba, nchifukwa chake a ku Zomba timanyada kuti madzi athu ndi ozizira komanso okoma kuposa a kwina, alamu anatsutsa poyamba koma atamwa pa kasupe wina amene gaidi anatilozera anangoti zii.

Kuchoka apo tinatsata mtsinje kudutsa pamalo oweterapo nsomba za trout paja mpaka ku Williams Falls. Njira imeneyi ndi imene ndinaikonda kuposa zonse, m'mbali mwa mtsinje mitengo yachilengedwe ikadalipo, mthunzi wokhawokha, ndere pamiyala, apusi akudumpha mmwamba. Gaidi ankayenda kutsogolo koma maso ali kumbuyo, akaona kuti alamu ayamba kupuma mwa befu amaima ngati akufuna kutionetsa kambalame kenakake, kumene kuli kuwapatsa mpata wopuma popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa ana awo. Zimenezo sizophunzitsidwa, ndi nzeru zake basi. Pamalo poterera ankamugwira dzanja wamng'ono uja, akuti mwanawe ponda apa, osaponda pobiriwirapo. Mathithi ake si aatali ngati mmene ena amaganizira, madzi amatsika pamiyala ngati masitepe nkudikha m'munsi, koma kuzizira kwake eeh, ana analowetsa miyendo nkutuluka akukuwa kkkk.

Pomwe ndinayamba kuona kufooka kwa ntchitoyi ndi ku ma view kuja. Mukadutsa kadamu ka Chagwa mumakafika ku Queen's View ndi Emperor's View, zili moyandikana kumphepete kwa phiri. Titangofika mnyamata uja anasintha mawu, anaima chilili nkuyamba kulakatula ngati mwana wa sitandade 5 pa tsiku lotsekera sukulu, mpaka anayamba mchingerezi kenako nkukumbukira kuti tonse ndife Amalawi. Zomwe ananenazo ndi zoona ndithu, Queen's View ndi chifukwa cha mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957, Emperor's View ndi chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anabwera mu 1965, ndipo ma Rasta amapalemekeza kwambiri pamalopa. Koma zinathera pomwepo. Alamu atafunsa kuti nanga azungu asanabwere kuno kunali ndani, anthu a kwa Malemia ndi a kwa Mlumbe phirili ankalitenga bwanji, ankakwera kudzatani, mnyamata anangomwetulira nkuti aaa bwana zimenezo ndi za agogo. Ndinamva chisoni chifukwa agogowo ndi akeake, ali m'mudzi momwemo, akanangokhala nawo pansi madzulo amodzi bwenzi ali ndi nkhani zoposa za mfumukazi amene anangoima apa kanthawi kochepa nkupita. Amene anawaphunzitsa anyamatawa anawakonzekeretsa kulandira mzungu wa chikwama kumsana, Mmalawi wofuna kudziwa za kwawo sanamuganizire.

Koma kuona kwake pokhapo musachite kufunsa. Pansi tauni yonse ili apo, Chanco, msika, misewu, kenako chigwa mpaka nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi pakati, kutaliko phiri la Mulanje lili njo. Apa gaidi anabwereranso mwakale, anayamba kuloza ndi chala kuti uko ndi ku Kachulu komwe kumachokera matemba, nyanja ija mukuiona ilibe mtsinje wotulukira nde mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, inaphwapo mu 1995 komanso mu 2018 anthu ankayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato. Ana anamvetsera kukamwa kuli yasa, zomwe sanachite nthawi ya mfumukazi ija.

Ndikuuzeni za nthawi yabwino yopitira chifukwa ambiri amalakwitsa. Mukapita mu Seputembala kapena Okutobala kumakhala utsi ndi fumbi, Mulanje simuliona, Chilwa imangooneka mbuu. Nthawi ya dzinja njira zimaterera komanso mvula ya paphiri siichenjeza. Mvula ikangotha, Epulo, Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni, ndi pomwe kumayera bwino ndipo mathithi amakhala ndi madzi ambiri. Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, paja pamwamba penipeni pa Malumbe ndi mamita opitirira 2,000, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imatseka zonse mwadzidzidzi moti munthu amene ali patsogolo pako sumuona. Chifukwa china chotengera gaidi ndi chimenechi, misewu ya a zankhalango kumtundaku ndi yambiri ndipo imafanana yonse, zikwangwani ndi zochepa, ukasokera mu nkhungu ukhoza kuzungulira mpaka kuda.

Gawo lomwe ndinati apa ndiye ndalama yanga yagwira ntchito ndi pomwe tinadutsa malo ena opanda mtengo ndi umodzi womwe, zitsa zokhazokha zakuda ndi moto. Amene munakwerako kale zaka za m'mbuyomu mukukumbuka mmene mapaini analili, mdima masana, fungo lake lija. Pano malo ambiri ndi dazi. Ndinamufunsa kuti achimwene chinachitika nchiyani, nde apa panalibe zoloweza, analankhula zakumtima. Akuti mapaini ndi obzala, ndi munda wa boma, kudula si vuto chifukwa anabzalidwira matabwa, vuto ndi loti kudula kumathamanga kuposa kubzala, ndipo pomwe abzala moto umadzapsereza mbande zisanakule. Moto wake wina ndi wa osaka mbewa ndi nyama, wina ndi wa dala, munthu akakwiya kapena akafuna kuti mitengo yopsayo ipezeke yotola. Anatilozera kusiyana kwa chitsa chodulidwa ndi makina ndi chodulidwa ndi sowo usiku, anatilozera pomwe panali uvuni wa makala, anatiuzanso kuti iye ndi anzake nyengo ya moto amathandiza kulambula njira zotchinga moto ndi kuzimitsa chifukwa phiri likapsa alendo sabwera ndipo iwo sadya. Sanawanyoze amayi a nkhuni aja, akuti bwana amene aja ndi azakhali athu, mtolo umodzi ndi ndiwo za tsikulo, ndipo nkhuni ndi makalawo amagula ndi inu nomwe a mtauni magetsi akazima. Ndinalibe choyankha. Kenako anawonjezera kuti mitengo ikatha m'mbali mwa timitsinje dothi lonse lidzathera mu damu lija, nde mudzaona mipopi yanu. Nkhani ngati imeneyi ndi yomwe imayenera kukhala pakati pa ulendo wonse, koma amaibisa, amaganiza kuti mlendo safuna kumva zoipa, mpaka uchite kuifukula wekha.

Ku Chingwe's Hole tinapita pa galimoto chifukwa kuli kutali, mbali ya kumadzulo kwa phiri, wapansi ndi ulendo wa tsiku lonse kupita ndi kubwera. Msewu wake ndi wafumbi ndi miyala, kagalimoto kotsika musakavutitse, pamafunika yokwera. Dzenjelo pakamwa pake si potakata kwambiri, labisika m'mitengo, ukasuzumira ndi mdima wokhawokha. Nkhani yake ndi ija timaimva tonse, yoti kale ankaponyamo adani a mafumu ndi anthu odwala khate, ena amati silinaonekepo pothera pake ndipo mafupa ankakatulukira kumunsi ku mtsinje wa Namitembo. Gaidi wathu anaifotokoza bwino, ndipo ndinamukonda chifukwa ananena yekha kuti izi ndi zomwe akuluakulu amakamba, sanachite kulumbira kuti zinachitikadi kapena kuwonjezera mizukwa kuti atiopseze. Chomwe anthu sakuuzani nchoti pafupi pomwepo pali malo oonera chigwa cha Shire, phompho lake lochititsa chizungulire, kwa ine pamenepa mpokongola kuposa ku Emperor's View chifukwa kulibe phokoso, kulibe wogulitsa kanthu. Ana agwireni dzanja, musadalire kuti pali chotchinga.

Za zipatso ndinene mwachidule. Mastroberi, mabulosi ndi magalagadeya a paphiri ndi okoma ndipo ndi otchipa kuyerekeza ndi m'mashopu a ku Lilongwe, alamu anagula ngati akukatsegula okala. Yang'anani pansi pa mbale, ena amaika zazikulu pamwamba zofinyika pansi. Gaidi anatithandiza kusankha ndipo sanatikokere kwa m'bale wake, zomwe ndimayembekezera kuti achita. Miyala yonyezimira ija ana anailirira, tinagula iwiri yaing'ono, koma musakhulupirire aliyense wokuuzani kuti ndi ya mtengo wapatali mukagulitsa kunja.

Zina zofooka si za gaidi mwini koma zimakhudza ulendo wonse. Mukachoka dera la hotela zimbudzi kulibe, kwa amayi ndi atsikana ndi vuto lenileni. Chakudya tengani chanu ndi madzi, mkatimu mulibe pogula. Zinyalala nazo, mabotolo a mowa ndi mapepala a chipisi pa Williams Falls, ndipo tisanamizire alendo akunja, ndi ife tomwe a mapikiniki a Loweruka ndi masipika athu. Mnyamata uja ankatola mabotolo nkumaika m'chikwama chake osalankhula kanthu, mpaka ana anayamba kumuthandiza. Chomwe analibe ndi kabokosi ka mankhwala, mwana wamkulu uja atadzikanda pa bondo tinachita kumanga ndi mpango. Munthu woyenda ndi alendo m'miyala tsiku ndi tsiku bandeji ndi spiriti yokha asamasowe.

Chinanso chomwe ndikanakonda nchoti ulendowu uzilumikizana ndi tauni. Zomba inali likulu kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe, aphungu okha anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Zonsezo zili m'munsi mwa phiri momwemu, nyumba ya Masongola yomwe inamangidwa mu 1886, nyumba yakale ya malamulo, Botanic Garden komwe mtsinje wa Mulunguzi womwe uja umadutsa, chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) kufupi ndi Cobbe Barracks chokumbukira amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri mwa iwo agogo athu omwe. Ndinamufunsa gaidi ngati amatengerako anthu kumeneko, akuti ayi bwana ife malire athu ndi pamwamba pano, kumunsi mukayenda nokha. Nde mlendo amatsika phiri nkudutsa zonsezi pa galimoto osadziwa kuti wadutsa chiyani. Ife tinazungulirako tsiku lotsatira patokha, ine nkumafotokoza zomwe ndikudziwa, koma ikanakhala ntchito ya munthu wophunzitsidwa bwenzi zili bwino, ndipo ndi ndalama ina yomwe anyamatawa akuitaya.

Nsapato valani zotseka, alamu anabwera ndi masilipasi tinachita kuwabwereka nsapato zanga zakale. Nyamukani mmawa kuti pofika masana mukhale mwafika ku ma view mitambo isanasonkhane. Achikulire amene miyendo imavuta asakakamizidwe kuyenda, malo ambiri galimoto yokwera imafika pafupi, gaidi amangokwera nanu nkumalozera njira, mtengo wake mukambirane padera.

Pa ma sitaa asanu ndikupereka anayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha chipwirikiti cha pofikira paja, mtengo wosalembedwa, ndi mbiri yoloweza ija. Pomaliza tinamuwonjezera kangachepe pamwamba pa zomwe tinagwirizana chifukwa anatipirira, ana a alamu ndi ofunsa mafunso osatha. Nambala yake ndili nayo koma sindiika pagulu, amene mukuifuna mundipeze ku inbox, ndipo mukapita mukamufunse za moto ndi mitengo, musadikire kuti ayambe yekha.